Munda Wauve wa Serafina

Ku Chimbonila konse kunalibe munda wauve ngati wa Serafina, ndipo mwini wakeyo ankadziwa zimenezo bwino lomwe, koma manyazi analibe ngakhale pang'ono. Anzake akakolola ankasosa, kuunjika mapesi, kuyatsa moto, munda n'kutsala woyera ngati bwalo la sukulu tsiku lobwera alendo. Iye ayi. Mapesi ankawagoneka pomwe anamera, pamwamba pake n'kuthirapo makoko a nyemba, masamba a nandolo, zitosi za nkhuku, ngakhale udzu wakale wochotsa padenga. Wodutsa m'njira ankaona chiswe chili pikitipikiti dzuwa likuswa mtengo, n'kupukusa mutu kuti mayiyu umasiye wamulowa m'mafupa. Serafina ankawasiya alankhule, chifukwa nthawi yobzala ikafika anthu omwewo ndi amene ankabwera kudzapempha mbewu.

Munda umenewu unachokera kutali. Iye ndi mwamuna wake, malemu Pascoal, atabwerera kuchokera ku Namwera, ku Malawi, kumene anathawira nkhondo, anapeza malowo atasanduka tchire, ndipo zaka zoyambirira anakolola mosadandaula. Ankalima monga ankalimira wina aliyense: kutentha, kugaula, chimanga chaka chino, chimanga chaka chamawa. Nthaka inapirira zaka khumi ndi zingapo, kenaka inatopa. Inasanduka katondo wouma gwa, woti khasu limadumpha ukamenya, ndipo mvula ikagwa madzi ankangothamanga pamwamba kupita kudambo atanyamula dothi. Kaufiti anadzaza munda wonse ndi timaluwa take tokongola topanda chifundo. Chaka chimene Pascoal anamwalira, Serafina anakolola chimanga choti nkhokwe anangoiyang'ana n'kuisiya, n'kuthira zokololazo m'madengu m'nyumba.

Ndiye kunabwera tekiniko, mlangizi wa zaulimi, mtsikana wowonda dzina lake Clotilde, amene ankayenda panjinga yamoto yaikulu kuposa iye mwini. Anthu ambiri ankamumvetsera mwaulemu n'kubwerera kukachita zomwe anazolowera. Serafina anamvera chifukwa analibe pothawira. Fetereza sakanamukwanitsa, ndipo mphamvu zogaula munda wonse yekha zinali zitamuthera. Clotilde sananene zambiri. Anati nthaka ndi chinthu chamoyo, imamva njala, imamva ludzu, ndipo imapsa ndi dzuwa ukaisiya pambalambanda. Aifunditse, asaitenthe, ndipo alole tizilombo take tigwire ntchito yawo.

Chaka choyamba sipanaoneke kanthu. Chachiwiri chiswe chinamaliza mapesi onse n'kuyamba kuluma chimanga cha m'mphepete, Serafina n'kulira kuti wanamizidwa ndi mwana wa sukulu. Koma sanasiye, mwina chifukwa cha liuma, pakuti liuma anali nalo lokwanira anthu atatu. Anabzala nandolo pakati pa mizere, kalongonda kumtunda kumene kaufiti anachuluka, mitengo ya gilisidiya m'malire. Mbuzi zinkadya masamba a mitengoyo, manyowa ake n'kubwerera kumunda. Timitengo ta nsangu tomera tokha, timene kale ankatizula, anatisiya tikule, ndipo mbalame zinabwera kudzakhala m'menemo n'kumatola mbozi m'chimanga. Tsopano zinali zitakwana zaka zisanu ndi zinayi. Ukafukula pansi pa zinyalalazo, ngakhale m'chilimwe chenicheni, dzanja linkalowa losavuta, dothi lili lakuda, lozizira, la fungo la mvula yoyamba.

Nkhawa yake inali imodzi yokha, ndipo sankaibisa. Kwawoko munda umatsata akazi, choncho unali wodzakhala wa Lídia, mwana wake wamkazi yekhayo. Koma Lídia mtima wake unali ku unamwino. Ankaphunzira ku Lichinga, kugona kwa mnzake ku Chiuaula, n'kumabwera kumudzi Loweruka pa shapa, minibasi zija zodzaza mpaka pakhomo. Manja odzagwira khasu m'mundamo Serafina akadzafooka anali a mwamuna wa Lídia. Ndipo mwamunayo, Gércio, anali wa ku Meponda, mwana wa msodzi, munthu amene anakula akudziwa maukonde osati mizere.

Gércio anabwera chikamwini mwezi wa Julaye n'kumanga kanyumba kake kuseri kwa khola la mbuzi. Serafina anamukonda msanga, ngakhale nkhope yake sankaidziwa bwinobwino. Mwambo wa pabanja pawo sunkalola: mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, salankhulana, mpaka mwana woyamba atabadwa, pamene amapatsana mphatso pamaso pa ankhoswe. Akakumana m'njira, Serafina ankapatukira m'udzu n'kutembenuka, Gércio n'kunyonyomala, ndipo nthawi zina ankadikirana choncho mpaka miyendo kuchita dzanzi, aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye ayambe kudutsa. Zimene ankazidziwa pa mkamwini wake zinali msana, mapazi aakulu ong'ambika zidendene ndi chisanu cha kumapiri kuno, ndi likhweru losatha. Munthuyo sankakhala pansi. Anakonza denga la khitchini osatumidwa, ankatunga madzi panjinga, ndipo akapita kwawo ankabwerako ndi usipa n'kuusiya pakhonde mwakachetechete. Vuto la munthu wotere ndi loti tsiku lina zochita zimamuthera pakhomo, n'kuyamba kuyang'ana kumunda.

Linali Lolemba, kumayambiriro kwa Okutobala, Lídia atakwera kale shapa yam'mawa. Serafina akumasula mbuzi anamva likhweru lija likuchokera kumunsi. Anakwera pachulu kuti aone, ndipo mtima unangoti myuu. Gércio anali atavula malaya, ali ndi mtengo wa mphanda m'manja, akukokolola mapesi, makoko ndi masamba n'kumaziunjika. Kumbuyo kwake nthaka inali itatsala poyera. Milu inali kale isanu, yaitali kufika m'chiuno, yokonzedwa mwaluso, ndipo aliyense wobadwira kumudzi amadziwa chimene chimatsatira milu yotero.

Anatsegula pakamwa kuti akuwe, n'kutsekanso. Mayi ake omubereka anakhala zaka ziwiri m'chisakasa chimodzi ndi Pascoal ku Namwera, pakati atapachika chiguduli, osamuuza mawu ngakhale amodzi, nkhondo ili mkati. Ndiye iye, pamtendere pano, akalipire mkamwini wa miyezi itatu ngati akupirikitsa anyani? Anatsika pachulu n'kulunjika kwa mchimwene wake Ilídio, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, munthu woyenera kunyamula mawu pakati pa awiriwo.

Anamupeza pakhonde akusankha mbewu ya mbatata ya kachewere. Ilídio anamvetsera nkhani yonse mwachifatse, kenaka anayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndine ndinamuuza, chemwali," anatero akupukuta misozi. "Mwana uja akuvutika. Pamsika akumutcha manja a nkhafi, ati amangodziwa kupalasa bwato. Ndinati ukafuna anthu akupatse ulemu, kasose mashamba, munda wa apongozi ako uja, zaka nove, zisanu ndi zinayi zathunthu, osaona moto. Nyansi zimene zija zikutichititsa manyazi tonse pabanja pano."

"Nyansi zimenezo ndi zomwe munadya mu Fevereru, achimwene, nkhokwe yanu itatha."

Ilídio mawu amenewo sanamukomere. Anayang'anitsitsa mbatata imene inali m'dzanja lake ngati ndi imene yamulakwira, n'kunena kuti akalankhula naye mwanayo mawa kapena mkuja. Serafina anakula naye mchimwene wakeyo, ndipo ankadziwa kuti mkuja wa Ilídio umafika mvula itagwa kale.

Anabwerera pachulu paja, chifukwa ndi pokhapo pomwe foni inkagwira, n'kuimbira Lídia. Mtsikanayo poyamba anaseka, koma atamva mmene mawu a mayi ake akunjenjemerera anasiya, n'kulonjeza kuti amuimbira mwamuna wake nthawi yomweyo. Serafina anatsika pachulu mtima uli m'malo. Lachiwiri likhweru linayamba m'mawa kuposa dzulo lake, ndipo pofika masana milu inali khumi ndi iwiri.

Madzulo a tsikulo Lídia anaimba yekha. Anati wamuuza katatu, momveka bwino, kuti amayi safuna munda wawo utenthedwe. Gércio akuti anayankha kuti apongozi abwino amalankhula choncho kulikonse. Akati musavutike ndiye kuti akukumvera chisoni, ndipo amayi akuganiza kuti munthu wa kunyanja akomoka ndi khasu. Iye amaliza kuunjika Lachitatu, ayatsa Lachinayi m'mawa mphepo isanayambe, kuti Lídia akamabwera Loweruka adzapeze mashamba akuwala.

"Mama, mawu odzera mwa ine sakuwakhulupirira," anatero Lídia. "Akuti ndikuwakometsera. Ndibwere kodi? Kungoti Lachinayi ndili ndi prova."

Serafina anamuuza kuti akhale, alembe mayeso akewo. Sanafune kuti mwana wake alephere sukulu chifukwa cha mapesi.

Lachitatu anayesa nzeru zake zonse, ndipo zinali zochepa. Anabisa machesi onse a pakhomo mu mtsuko, akudziwa yekha kuti n'zopusa, pakuti pamudzi palibe munthu amene anasowapo moto. Masana, Gércio atapita kukatunga madzi, anazemba kupita kumunda n'kuphwasula milu iwiri, kumwaza mapesi mmene analili kale, akuyembekeza kuti munthu wanzeru akaona azindikira. Gércio atabwerera anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenaka anaunjikanso milu ija, kuitsindira ndi miyala pamwamba, n'kupita kukafupikitsa zingwe za mbuzi zonse, zosalakwa.

Serafina anakhala pakhonde akusenda nyemba, akudzimvera chisoni. Chikanakhala kuti mkamwiniyo ndi waulesi kapena wamwano, zikanaphweka, akanangomukwiyira. Koma munthuyo ankawononga chifukwa chofuna kumusangalatsa, ndipo matuza amene anali m'manja mwake anali a ulemu. Akamuchititsa manyazi, mwina sadzapondanso m'mundamo, kapena adzalima nkhope ili gwa moyo wake wonse. Akakhala chete, ntchito ya zaka zisanu ndi zinayi itha m'mawa umodzi. Anaganiza zodzuka tambala woyamba kuti akafike kumunda iye asanafike, ngakhale sankadziwa kuti akakafika akatani.

Koma mwana wa msodzi sumuposa kulawirira. Serafina potuluka m'nyumba kunja kukuyera, fungo la utsi linamulandira pakhomo. Anathamanga, munthu woti sanathamangepo chithereni nkhondo, kapulana, nsalu yake yovala m'chiuno, atamugwira m'manja kuti asamukole. Mulu wakumunsi kwenikweni, pafupi ndi nsangu waukulu, unali ukuyaka, ndipo moto unali utadumphira pa zinyalala zozungulira n'kunyambita malo aakulu ngati bwalo la nyumba. Pamenepo ndi pomwe dothi linali labwino kuposa pena paliponse. Gércio anali akupita ku mulu wachiwiri, muuni wa udzu uli m'dzanja, akuimba likhweru.

Serafina anamupitirira chothamanga, nkhope atayang'ana kumbali, n'kukakhala pamwamba pa mulu wachiwiriwo, kumupatsa msana. Likhweru linaduka. Anamva munthu akunyonyomala kumbuyo kwake. Anakhala choncho onse awiri, moto ukuthetheka kumunsi, iye akupuma movutikira, akupemphera kuti mwanayu amvetse popanda mawu. Patapita kanthawi anamva mapazi aja akusuntha pang'onopang'ono, mwaulemu, akuzungulira patali ndithu kuti asasokoneze apongozi amene asankha kupumira pa mapesi. Ankapita ku mulu wachitatu. Milu inali makumi awiri ndi umodzi, ndipo Serafina anali mmodzi.

"Akamwini, zimitsani motowo."

Mawuwo anatuluka osasa, ngati a munthu wina. Kenaka kunamveka kupondaponda, muuni ukuzimitsidwa ndi mapazi.

"Amayi," anatero Gércio motsitsa, akuomba m'manja pang'onopang'ono. "Ndalakwa kodi?"

"Pitani patsinde pa nandolo uyo, pomwe simunakokolole. Mukapise dzanja pansi pa masamba."

Anapita. Serafina anali akadayang'anabe kumbali, maso ali pa mapiri. Anamva masamba ouma akuchita phokoso.

"M'dothimu mukuzizira," anatero Gércio.

"Fukulani."

"Muli nyongolotsi. Zonenepa zedi. Kwathu zoterezi timakazifuna kutali, kumatope a kumtsinje."

"Tsopano kafukuleni pomwe mwatenthapo."

Nthawi imeneyi anachedwa. Anayamba wathyola nthambi yaiwisi n'kuzimitsa moto umene unkayendabe m'mphepete, kenaka anakankha phulusa ndi mtengo wake wa mphanda n'kukumba. Serafina sanafunikire kuona kuti adziwe zimene akupeza kumeneko: dothi lotentha louma pamwamba, nyongolotsi zopiringizika, mabongololo opserera, chiswe chitafera m'njira zake. Ali chikhalire pa mulu paja anayamba kufotokoza, ndipo atangoyamba mawu anabwera okha. Anamuuza kuti mapesi ndi chofunda cha nthaka komanso chakudya chake, kuti chiswe ndi chimene chimawalowetsa pansi, kuti nyongolotsi zimaboola njira zolowera madzi, kuti phulusa limakondweretsa chimanga chaka chimodzi chokha kenaka mphepo ndi mvula zimalitenga. Anamuuzanso za madengu aja a chaka cha maliro a Pascoal, nkhani imene sankakonda kuikamba.

 Gércio atayankha, mawu ake anachokera pafupi, chifukwa anali atabwera kudzanyonyomala cha kumbali kwa mulu.

"Kwathu kuli malo a bango kumene nsomba zimaswanirana. Bambo anga sankalola munthu kuyatsa moto kumeneko, kapena kuponyako khoka. Munthu wina anatentha chaka china kuti apeze pokocheza bwato, ndipo tinavutika zaka ziwiri. Ine ndinalipo, ndinaona." Kenaka anawonjezera: "Lídia anandiuza, amayi. Ndimayesa mukundimvera chisoni."

Apa Serafina anatembenuka. Poti mwambo unali utasweka kale, sanaone chifukwa chouswa theka. Anaona nkhope yaitali, makutu oimirira, kachipsera pachibwano, ndi maso ofiira amene mwini wake akanati ndi utsi. Anali wamng'ono kuposa mmene msana wake unkaonetsera. Chisoni chinamugwira, komanso chimwemwe chimene sanachiyembekezere, choti munthu amene wakhala akumupatukira m'njira miyezi itatu ali ndi nzeru zomva chinthu kamodzi.

Gércio, maso ali pansi, ananena kuti ankafuna anthu azinena kuti mayi Serafina anapeza mkamwini. Serafina anamuuza kuti akayamba kuphwasula milu imeneyi anthu amuseka kuposa kale, ndipo ngati akuona kuti sangapirire, aisiye, aphwasula yekha pang'onopang'ono. Iye mwini anthu akhala akumuseka zaka zonsezi ndipo sanafe nazo. Gércio anadzuka, anachotsa miyala imene inali pa mulu wachitatu, n'kuyamba kumwaza.

Anthu anasekadi. Pofika masana uthenga unali utafika pamsika, ndipo ena anachita kupatuka ulendo wawo kuti adzaone okha. Ankaima m'njira manja ali m'chiuno, akuuzana kuti manja a nkhafi mutu wazungulira: Lolemba kuunjika, Lachinayi kumwaza, mwina Lamulungu abzala usipa. Gércio makutu ake aja anamva zonse. Poyamba ankagwira ntchito atazyolika, koma dzuwa likupendeka likhweru linabwerera, ndipo linamveka mpaka kudambo.

Serafina ankagwira naye limodzi, iye mzere uwu, mkamwini mzere winawo, pakamwa posatseka. Anamuonetsa kuti mapesi amagonekedwa mopingasa kutsetsereka kuti agwire madzi, kuti nandolo sazulidwa koma amadulidwa m'chiuno kuti aphukenso, kuti kalongonda ukamulekerera amakwera chimanga n'kuchigwetsa. Gércio ankafunsa mafunso a munthu wosadziwa kanthu, ena oseketsa, ena oti Serafina ankaima kaye kuti aganize. Anafunsa chifukwa chake nsangu uli ndi masamba m'chilimwe pamene mitengo ina yayoyola, ndipo atamva kuti umayoyola nthawi ya dzinja, n'kusiyira chimanga dzuwa ndi manyowa, anauyang'ana mtengowo ngati munthu woyenera kupatsidwa moni. Ndi pamene Serafina anazindikira kuti zaka zonsezi anali ndi zinthu zambiri zonena zokhudza munda umenewu, koma analibe womuuza. Clotilde anasamutsidwa kalekale, Lídia ankamvetsera maso ali m'kope, ndipo mbuzi sizifunsa mafunso.

Ilídio anafika Lachisanu, mkuja wake utafulumira chifukwa cha mphekesera. Anapeza mchemwali wake ndi mkamwini akutsutsana maso ndi maso za kumene kuyenera kupita makoko a nyemba, ndipo anavula chipewa n'kuchivalanso. Analankhula nthawi yaitali za makolo, za ulemu, za mmene dziko lathera. Serafina anamudikira amalize, n'kumufunsa kuti kodi nkhoswe inali kuti Lachiwiri ndi Lachitatu. Ilídio anatsokomola, n'kugamula kuti poti zachitika kale, mphatso zija zisadikirenso mwana, ziperekedwe mawa lomwe kuti anthu asapeze ponenera. Gércio agule kapulana, Serafina aphe tambala. Ndipo mmene zinakhalira, Loweruka Lídia atatsika shapa anapeza mayi ake atavala kapulana watsopano wa maluwa achikasu, mwamuna wake atakhala pamphasa imodzi ndi iwo, ndipo amalume ake, amene anayambitsa zonsezi, ali ndi ntchafu ya tambala m'dzanja limodzi ndi nthutumba m'dzanja linalo.

Alendo atabalalika, dzuwa likadalipo, Serafina anadzaza dengu ndi manyowa a mbuzi n'kutsetserekera kumunda. Milu yonse inali itabwerera pansi, munda uli wauve ngati kale, kupatula kumunsi kuja. Pamenepo panali bala lakuda, lozungulira, ndipo mphepo inali itayamba kale kuulutsa phulusa. Anaima m'mphepete mwake dengu lili pamutu. Sanafune kudzinamiza, zinkamupweteka. Malo amenewo ndi amene anayambira, ndipo ankakumbukira dengu lililonse limene anathirapo.

Anamva mapazi kumbuyo, ndipo thupi lake linafuna kupatukira m'udzu mwachizolowezi asanakumbuke kuti zimenezo zinatha. Gércio anaima pambali pake, nayenso akuyang'ana balalo.

"Pamenepa padzabwerera liti mmene panalili?"

"Zaka zitatu," anatero Serafina. "Mwina zinayi, mvula ikavuta."

Gércio anagwedeza mutu ngati wauzidwa za sabata yamawa. Anapita m'malire, anadula nthambi zinayi za gilisidiya ndi chikwanje, n'kudzazikhoma m'ngodya zinayi za malo opsawo. Kenaka anabwerera n'kutambasula manja onse awiri, matuza ali poyera.

"Pamenepa mundisiyire ine, amayi. Inu musapagwirenso."

Serafina anagwiritsa dengu lake kanthawi. Chimwalirireni Pascoal palibe munthu wina amene anathirapo kanthu m'munda umenewu, ndipo sankadziwa kuti kupereka dengu la manyowa kungavute chonchi. Zaka zinayi. Munthuyu ankanena za zaka zinayi, pa dothi la eni, kutali ndi nyanja yake, osaphethira n'komwe. Anaopa kuti akalankhula alira pamaso pa mkamwini. Anawerama pang'ono, Gércio n'kulandira dengulo.

Anakakhala pamthunzi wa nsangu, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo opanda chochita, akuonerera. Anapirira osanena kanthu mpaka dengu linafika pakati, kenaka anamuuza kuti akuchulutsa mbali imodzi.